Madzi Amene Ndinawatengera Adada ku Nyika

Adada anali ndi nkhani imodzi imene ankaikonda kuposa ng'ombe zawo zonse, ndipo amene anawalanda nkhaniyo ndine.

Ali mnyamata, ine ndisanabadwe, anachoka kwathu kwa Magodi wapansi n'kukagwira ntchito yodzala mitengo ya paini pamwamba pa Nyika, kutsidya la Malawi. Masiku amenewo malire anali m'mabuku a azungu basi. Anakhalako nyengo imodzi yozizira, n'kubwerako ndi bulangete, chifuwa, ndi nkhani imeneyi. Ankati kumeneko ukasiya madzi m'beseni panja, m'mawa umawapeza atasanduka mwala woti n'kuunyamula m'manja. Ankati udzu umayera ngati wathiridwa ufa, ndipo ukauponda umalira ngati makoko a mtedza.

Vuto linali loti adada nkhani akaigwira ankaithira nsinjiro. Nkhunzi yawo imene inamenyana ndi kambuku inkakula chaka ndi chaka, ndipo kambukuyo anadzafika pokhala awiri. Choncho ya madziyi anthu ankaimva ngati zinazo. Ayezi ankamudziwa, chifukwa kuboma ku Lundazi kunali sitolo ina yokhala ndi firiji ya palafini. Koma zoti madzi n'kuuma okha pabwalo, popanda makina, palibe ankazilola. Asuweni awo a adada, bambo wamfupi wa mano awiri kutsogolo, ndiwo ankawaputa kwambiri. Kukangozizira pang'ono ankafika m'mamawa, m'malo mwa moni n'kufunsa kuti, "Asuweni, lelo yasanduka?" Adada ankaseka, n'kuyambanso nkhaniyo poyambira penipeni.

Chaka chimene ndinamaliza kukoleji ya uphunzitsi ndinafika kumudzi mu Juni, mutu utandikulira ngati dzungu. Tsiku lina masana anthu anali m'chigafa cha adada kusankha fodya, amuna ndi akazi, ine ndili pomwepo kumanga timitolo. Adada anayamba nkhani yawo. Atafika pa beseni paja, asuweni awo anatembenukira kwa ine.

"Lelo tili na a ticha pano. Imwe mwawelenga mabuku onse, tiuzeni. Madzi angasanduke mwala okha, popanda filiji?"

Ndikanangoseka n'kunena kuti zimenezo sanatiphunzitse. Koma ndinakonza pakhosi ngati ndili m'kalasi. Ndinafotokoza kuti zotere zimachitika ku Ulaya, kuti dziko lathu lili kufupi ndi mzere wa dzuwa, kuti kuno sizingatheke. Ndinamaliza ndi mawu amene ndimawamvabe mpaka lero: "Mwina adada anaona mame chabe."

Chigafa chonse chinaphulika ndi phwete. Adada sanaseke. Anawongola tsamba limene linali m'manja mwawo, n'kuliika bwinobwino pamulu, n'kunena kuti akaone ng'ombe kukhola. Anali masana, ng'ombe zinali kudambo, ndipo tonse tinkadziwa kuti m'khola munalibe kanthu.

Chibadwire adada ankanditchula kuti amama, chifukwa ndinatenga dzina la amayi awo. Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala a ticha. Sanandikalipire, sanandimane kanthu, ankandipatsa moni ngati mlendo wolemekezeka. Nkhani ya madzi ija sanaikambenso, ngakhale asuweni awo awapute chotani. Amama ondibereka anandikokera kuseri kwa nkhokwe n'kundiuza kuti ndigwire nkhuku ndikapepese. Ndinakana. Ndinati ndipepesa chiyani poti ndanena zoona? Iwo anangoti madzi akatayika saoleka, n'kubwerera kumtondo kwawo. Zaka zitatu zinatha chonchi, ndipo zinkandipweteka, koma mtima wanga ndi wa adada unali umodzi, wosafuna kugonja.

Ndinkaphunzitsa pasukulu ina kwa Magodi komweko, ulendo wa maola awiri panjinga kuchoka kwathu. Ahedi athu anali munthu wa mapu. Muofesi mwawo munali mapu ambiri kuposa mipando, ndipo zinkawawawa kuti timaphunzitsa ana za mapiri ife tisanakwerepo ngakhale limodzi. Chaka china, cha kumapeto kwa m'ma sevente, anakonza zoti pa tchuthi cha masiku anayi cha kuchiyambi kwa Julaye aphunzitsi a sukulu zitatu tipite ku Nyika. Anapeza lole yonyamula fodya. Ndinali woyamba kulembetsa. Anzanga ndinawauza kuti ndikufuna kukaona mbidzi, koma mumtima ndinkafuna kukaona beseni.

Ndinapalasa njinga kukatsanzika. Adada ndinawapeza akusema goli pansi pa mtengo wa mango.

"Mukachita chiani ku Nyika? Kuli malilo?"

"Yayi, adada. Tikaona chabe phili."

"Kuona phili. Ladwala?"

Anapitiriza kusema kanthawi, kenako osandiyang'ana anati, "Mutenge mabulangete awili, a ticha. Kapena mukafunda mabuku."

Anthu akwathu ankaoloka malire tsiku ndi tsiku, kumaliro, kuzinkhoswe, kukagula mchere, podzera m'tinjira ta m'tchire popanda wofunsa. Koma ife oyenda palole tinafunika mapepala. Panali kalata ya kuofesi ya maphunziro, kalata ya atcheya a chipani, ndi mndandanda wa maina wodindidwa kawiri. Tisanafike pachipata cha malire pa Lusuntha ahedi anaimitsa lole n'kutilangiza. Anati kwathu chipani ndi chimodzi, uko nakonso ndi chimodzi, koma cha uko chili ndi makutu aatali. Tisatchule dzina la mtsogoleri aliyense, ngakhale pomutamanda. Pakamwa tizidyera pokha.

Chimene anaiwala kutiuza ndi cha mabuluku. Ine ndi mnzanga wina, mphunzitsi wa giredi folo wokulira kumigodi ku Kopala, tinavala mabuluku a alongo athu m'kati mwa zitenje poopa mphepo. Kutsidyako lamulo silinkalola mkazi kuvala buluku. Wapolisi wa pachipata sanayang'ane ngakhale nkhope zathu, anangoyang'ana mu akakolo n'kuloza kuseri kwa nyumba. Tinakavula kumeneko, mnzangayo akung'ung'udza njira yonse. Mphunzitsi wina wachinyamata, amene anasunga tsitsi lake zaka ziwiri, anakhazikidwa pampando n'kumetedwa ndi sizasi yobuntha. Anakwera lole chipewa chili m'maso, ndipo tinamuseka mpaka titapitirira Euthini.

Ulendo umene uja ndimaukumbuka ndi fungo. Lole inkanunkha fodya, ife tinkanunkha fumbi, ndipo m'madengu munali mbatata zootcha, mtedza wokazinga ndi nkhuku zimene amayi athu anatiphera. Tinkaimba nyimbo za kutchalitchi, zikatha za kusukulu, zikatha n'kuyambiranso. Anthu a m'mbali mwa msewu ankayankhula Chitumbuka ngati chathu chomwe, ndipo tikawauza kuti tikupita kukaona phiri ankatiyang'ana mmene anandiyang'anira adada. Tinagona m'kalasi pasukulu ina ya mishoni chakufupi ndi Rumphi. M'mawa mwake lole inayamba kukwera, ikulira ngati ng'ombe yolemedwa ndi ngolo, ndipo kawiri konse amuna anatsika kukaika miyala kumatayala.

Ine ndinkayembekezera phiri losongoka ngati la m'buku. Titafika pamwamba ndinapeza kuti kulibe nsonga. Kunali zitunda zokhazokha, zosalala, za udzu wofiirira, chimodzi kuseri kwa chinzake mpaka pamene maso analekezera. Kunalibe mudzi, kunalibe munda, kunalibe utsi. Tonse tinasiya kuimba popanda wotiuza. Mbidzi zinaima pafupi ndi msewu n'kumatiyang'ana, zonenepa ngati zili ndi mwini wake. Mphunzitsi wina wachikulire, mlimi weniweni, anapukusa mutu n'kunena kuti msipu wonsewu ukungowonongeka. Mphepo inkalowa m'makutu, ndipo ine ndi mnzanga uja tinavalanso mabuluku athu pansi pa bulangete, poti wapolisi anali kutali.

Dzuwa litapendeka tinaona chinthu chakuda patsogolo. Inali nkhalango ya paini, mitengo yoongoka, yoima m'mizere ngati ana pa asembule, yaitali moti kuti uone nsonga umachita kugwira duku. Mlonda wa pamalopo anati inadzalidwa kale, nthawi ya azungu, ndi anthu ochokera kutali. Ndinagwira thunthu la umodzi, manja anga osakumana. Adada ankati mbande zake ankazinyamula m'dengu, zambirimbiri nthawi imodzi. Pansi panali tizipatso take touma, tooneka ngati zitsononkho. Ndinatola titatu kuti ndikaonetse ana m'kalasi, n'kutimanga pa nsonga ya chitenje.

Tisanalowe m'nyumba imene anatipatsa, ndinabwereka beseni la malata kwa mlonda uja. Ndinathiramo madzi pang'ono n'kuliika pa udzu kuseri. Mnzanga anandifunsa ngati ndikufuna kuchapa. Ndinati inde, mawa.

Ndinadzuka kusanayere bwino, zala zakuphazi ndisakuzimva. Nditatsegula chitseko ndinaima. Dziko lonse linali loyera, udzu, tchire, denga la lole, mpaka nsapato zimene wina anaiwala pakhonde. Ndinaponda pa udzu, ndipo unalira. Unalira ndendende ngati makoko a mtedza. Ndinayenda pang'onopang'ono mpaka pa beseni, n'kugwada, n'kutosa ndi chala. Chala sichinalowe. Ndinakanikiza m'mphepete, chinthu chonse n'kutukuka, chozungulira, choonekera ngati galasi la pazenera. Ndinachinyamula m'manja awiri, chikundiwotcha ndi kuzizira.

Ndinalira pomwepo, ndipo sindichita manyazi kunena. Sikunali kukongola kwa malowo. Ndinaona adada akuwongola tsamba la fodya lija, ndinamva phwete la m'chigafa, ndipo ndinadzida. Munthu anayenda wapansi kudzafika kuno, anagona m'mphepo imeneyi ndi bulangete limodzi, anaona ndi maso ake, ndiye kamwana kake kokhala ndi satifiketi n'kumuuza pagulu kuti anaona mame.

Anzanga anatuluka n'kuyamba phokoso, ena kunyambita udzu, ena kulemba maina awo pagalasi la lole. Ine ndinathamangira kwa ahedi kukabwereka fulasiki yawo ya tiyi. Ndinaitsuka, n'kuphwanya chimwala chija m'tizidutswa, n'kutilowetsa kamodzikamodzi mpaka inadzaza. Mnzanga wa ku Kopala anandipeza ndikutseka.

"Iwe, wapenga? Izasungunuka iyo tikalibe kufika pa boda."

"Fulasiki imasunga."

"Olo ifike, bazakamba ati wagula mu filiji pa boma."

Pamenepo ananena zoona, ndipo zinandipsetsa mtima. Ndinamuuza kuti asamale zake.

M'mawa womwewo anatizungulitsa kukaona dziwe la nsomba ndi chitunda china chimene amati ukaimapo umaona kutali kwambiri. Ena amakumbukabe zimene anaona pamenepo. Ine ndinkangomvetsera fulasiki. Ndinkaigwedeza pafupi ndi khutu, ikati gobedegobede mtima n'kukhala pansi. Lole itayamba kutsika ndinaifukata pachifuwa m'kati mwa bulangete, monga timachitira ndi chinthu chilichonse chimene tikuopa kuti chingawonongeke. Ndipo paliponse pamene taima ndinkaitsegula kuti ndione ngati zilimo. Ine amene ndinkaphunzitsa sayansi giredi seveni sindinaganize kuti kutsegulako ndiye kukuzipha. Kumunsi kunkatentha. Pofika pa mishoni paja tizidutswa tinali ngati nyemba. Mawa lake pachipata wapolisi yemwe uja anafunsa chimene ndafukata, n'kutsegula, n'kusuzumira, n'kununkhiza. Anati, "Madzi," n'kundibwezera.

Lole inanditsitsa pa kanjira ka kwathu dzuwa likadalipo. Ndinaganiza zotaya madziwo m'tchire n'kungofika ngati munthu wochokera kuulendo. Ndinatsegula, koma dzanja linakana. Ndinayenda nawo choncho, chitenje chili mbuu ndi fumbi, milomo itang'ambika ndi mphepo.

Adada anali pabwalo akusoka thumba. Mwatsoka, kapena mwamwayi, asuweni awo anali pomwepo, ndi anthu ena atatu odzabwereka ngolo. Ndinagwada patali pang'ono monga mwa mwambo.

"Monile, adada."

"Yewo, a ticha. Mwaliona phili? Lili makola, lili bwino?"

Asuweni awo anaseka. Ine ndinayenda ndi maondo n'kuika fulasiki pamapazi pa adada. Ndinati ndawatengera kanthu, koma kawonongeka panjira. Anatsegula, n'kuthira pang'ono pachivundikiro. Anali madzi wamba, muli kaudzu kamodzi. Asuweni awo anasuzumira n'kufunsa ngati kwa Magodi zitsime zauma.

Sindinawayang'ane. Ndinayankhula mokweza kuti onse amve. Ndinati madzi amenewa dzulo m'mawa anali mwala, ndinauchotsa m'beseni ndi manja angawa. Ndinati m'chigafa muja ndinanama ndine, adada ananena zoona, ndipo ndapepesa.

Adada anayang'ana madziwo nthawi yaitali.

"Udzu unalila?"

"Unalila, adada."

"Monga chiani?"

"Monga makoko a nshawa."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenako anafunsa, mawu atatsika, ngati mitengo ija inaphuka, chifukwa pochoka anaisiya yolekeza m'maondo ndipo ankakayika ngati ingapirire chisanu chotero. Apo m'pamene ndinakumbukira mfundo ya pachitenje. Ndinamasula n'kuwapatsa tizipatso tija. Sanatidziwe. Nditawauza kuti ndi ana a mitengo yawo, kuti mitengoyo tsopano ndi nkhalango yoti munthu n'kusokeramo, anatembenuza kamodzi m'manja, n'kukanunkhiza, n'kukaika m'thumba la malaya. Anatsokomola kawiri, chifuwa chosakhalapo.

Atatero anamwa madzi a pachivundikiro paja, n'kuthiranso ena, n'kupatsa asuweni awo kuti nawonso amwe. Anaika pambali thumba limene ankasoka, n'kukhala bwino pampando, ndipo ndinadziwa chimene chikubwera. Anayamba poyambira penipeni, tsiku limene anachoka kwa Magodi ndi mkute wa mbatata. Amama anatuluka m'khitchini n'kuima pakhomo, chipande chili m'manja. Anthu a ngolo aja anaiwala ngolo.

Zaka zitatu zokhala chete nkhani ija zinainenepetsa. Beseni linasanduka dziwe. Mwala umene ndinaunyamula ine, wopyapyala ngati galasi, kwa iwo unali wochindikala ngati chitseko, ndipo anati iwo ndi anzawo awiri anayendapo kuchoka tsidya lino kukafika tsidya linalo, mbidzi ikuwatsatira pambuyo. Asuweni awo anatsegula pakamwa kuti atsutse, n'kutembenukira kwa ine monga anachitira tsiku lija.

Adada nawonso anandiyang'ana. M'maso mwawo munali kaphwete, koma munalinso kufunsa.

"Si ntheula, amama? Si choncho?"

Dziwe limenelo ndinaliona, ndipo linali madzi okhaokha, nsomba zikudumpha. Ndinkadziwa kuti palibe munthu angayendepo, ngakhale nkhuku.

"Enya, adada," ndinatero. "Ni choncho. Na mapazi a mbizi yachalipo, akalipo mpaka lelo."

Anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi, ndipo nkhaniyo anaikamba nyengo yozizira iliyonse, mbidzi zikuchuluka. Akafika povuta ankangoloza kwa ine, ine n'kuvomera. Ku Nyika sindinabwerereko. Masiku ano zidzukulu zanga zimanditulutsira ayezi m'firiji kuti ndiike m'madzi akumwa, ndipo ndikayamba kuziuza za m'mawa umene uja zimayang'anana. Kamdzukulu kamodzi, kamene kali kusekondale, kanandiuza mwaulemu kuti mwina ndinaona mame. Sindinakakalipire. Ndinangokatuma kuti kakatenge kachitini kamene kali pansi pa bedi langa, mmene muli kachipatso kouma kamene tinakapeza m'thumba la malaya a adada.